Mzere wosafunsa khadi

Ine ndinalowa chipani ndisanabadwe. Musaseke awerengi, si nthabwala ayi. M'chaka cha 1991 amayi anga, ali ndi pakati pooneka, dengu la tomato lili pamutu, anaimitsidwa pachipata cha msika ndi anyamata a malaya ofiira aja. Anamasula mfundo ya chitenje n'kuonetsa khadi lawo. Mmodzi mwa anyamatawo analoza mimba: "Nanga mwanyamulayu, lake lili kuti?" Amayi anamasula mfundo ina, nalipira. Amayi ambiri a msinkhu wawo amasimba zofananazo, ena moseka, ena ayi. Choncho tsiku lomwe ndinkabadwa n'kuti ndili kale membala wolipiriratu, dzina ndilibe.

Lamulungu la pa 8 Malichi 1992 ndinaliponso, ndili kumbuyo kwa amayi m'tchalitchi cha parishi yathu. Akuti ndinagona Misa yonse, moti mbiri ya dziko inadutsa ine ndikuliza mkonono. Zomwe ndikulemba pano ndatola pakamwa pa amayiwo, kwa akuluakulu a kumphakati kwathu, ndi m'mabuku a anthu amene anafufuza za masiku amenewo.

Linali Lamulungu loyamba la Lenti, phulusa la Lachitatu lija litangochoka kumene pamphumi. Mthenga Wabwino wa tsikulo unali wa Luka, uja wa Yesu akuyesedwa m'chipululu: asandutse mwala ukhale chakudya, agwade kuti apatsidwe maufumu onse a pansi pano. Anthu atakhala pansi kuyembekeza ulaliki, wansembe anatulutsa kabuku kakang'ono nati lero salalika, awerenga kalata yochokera kwa maepiskopi. M'mawa womwewo zomwezo zinkachitika m'matchalitchi a Katolika kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Kalatayo, yomwe mutu wake pa Chingerezi unali Living Our Faith, inasindikizidwa mwakachetechete ku Balaka pa makina a ansembe a Montfort, makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Oisayina anali Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Felix Mkhori a ku Chikwawa, Matthias Chimole a ku Lilongwe, Alessandro Assolari a ku Mangochi, Allan Chamgwera a ku Zomba, Gervazio Chisendera a ku Dedza, ndi Monsinyo John Roche amene ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu.

Mukaiwerenga lero mudabwa kufatsa kwake. Sinatukwane munthu. Sinanene kuti Kamuzu achoke, ndipo sinaitanitse matipate. Inangotchula zinthu ndi maina ake: kuti anthu ochepa akulemererabe pomwe ambiri akusaukirasaukira, kuti malipiro a antchito ndi mitengo yogulira mbewu kwa alimi n'zosakwanira, kuti m'makalasi ana athithikana ndipo aphunzitsi akuperewera, kuti m'zipatala zinthu sizili bwino, kuti ziphuphu ndi kukondera zafika ponyanya, kuti anthu akukhala m'ndende zaka osazengedwa mlandu, kuti dziko ladzala mantha ndi kukayikirana. Inanenanso kuti kukakamiza anthu kupereka mphatso, kapena kumukaniza munthu kulowa mumsika, m'chipatala ndi pa depoti ya basi chifukwa alibe khadi la chipani, n'kulakwa. Inatikumbutsa ndi mwambi wathu womwe uja, woti mutu umodzi susenza denga.

Wansembe atafika pa za msika ndi khadizo, amayi akuti anamva ngati wawatchula dzina. Poyamba m'tchalitchi munali zii, ena akuyang'ana pansi, ena akusuzumira pazenera kuona ngati panja paima Land Rover. Kenaka gogo wina wa kumabenchi akumbuyo anaimba nthungululu. Basi, anthu anayamba kuomba m'manja, ena akupukuta misozi. Ine ndili mtulo.

Funso lomwe lakhala likundizunguza ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mawu amenewa anatulukira paguwa osati kwina? Yankho lachidule aliyense amalidziwa. Wayilesi inali imodzi, MBC. Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa eni dziko. Buku, nyimbo, ngakhale sewero la ana a sukulu, zinkayamba zadutsa ku Censorship Board. Malo okhawo kumene anthu mazanamazana ankasonkhana sabata ndi sabata popanda tcheyamani wa chipani kutsegulira msonkhano anali nyumba zopemphereramo. Zoona zimenezo. Koma yankho limeneli likungotiuza khomo lomwe mawuwo anatulukira, silikutiuza kumene anakulira.

Amayi, omwe sukulu analekezera Sitandade 6, ali ndi yankho lawolawo. Amati m'dziko lonse lino munali mzere umodzi wokha wosafunsa khadi la chipani. Kumsika mzere, khadi. Kuchipatala mzere, khadi. Pokwera basi, khadi. Koma pamzere wokalandira Ukaristia pankaima mlonda ndi bwana wake, wogulitsa makala ndi mkazi wa DC, tcheyamani wa nthambi ya chipani ndi mayi amene mwamuna wake ali ku Mikuyu. Aliyense ankalandira kofanana, kakang'ono komweko, mawu omuuza omwewo, ndipo panalibe wopatsidwa kawiri poti ndi wamkulu. Munthu ukazolowera mzere wotere kuyambira uli mwana, ati, Lolemba pachipata cha msika chinachake chimakubaya mumtima ngakhale pakamwa pali chete.

Maganizo amenewa si a amayi okha, ndi akale ngati Mpingo womwe. Paulo analembera Akhristu a ku Korinto mokalipa atamva kuti akasonkhana kuti adye chakudya cha Ambuye, ena amadya okha mpaka kuledzera pomwe anzawo akubwerera ndi njala, ndipo anakana kuti phwando lotere litchedwe la Ambuye. Yohane naye, posimba za usiku womaliza uja, nkhani ya mkate ndi chikho sanailembe. M'malo mwake analemba za beseni, madzi ndi nsalu yopukutira, Mphunzitsi atawerama kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Ngakhale liwu loti Misa linachokera ku liwu la Chilatini lonena za kutuma, lomwe wansembe ankanena pobalalitsa anthu kumapeto. Taganizani, mwambo wonsewo unatenga dzina kuchokera potulukira.

Komatu tisadzinamize kuti guwa la Akatolika m'dziko muno lakhala likuyankhula kuyambira kale. Ansembe oyamba, a White Fathers, anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma anachoka mu 1891 osaphula kanthu kwenikweni. A Montfort anadzatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo a White Fathers anabweranso mu 1902 n'kukhazikika m'malo monga Mua. Pa ntchito zachifundo sitingawanyoze: masukulu, zipatala, malo osamalira akhate ku Mua ndi ku Utale. Kudyetsa wanjala ankadziwa. Kufunsa amene wamulanda chakudya wanjalayo ndiye inali nkhani ina. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anatentha mishoni ya Nguludi, poiona ngati bwenzi la boma la atsamunda. Mu 1960 John Chester Katsonga atayambitsa Christian Democratic Party, Malawi News inalalatira Arkiepiskopi Theunissen wa ku Blantyre kuti ndiye ali kumbuyo kwa chipanicho, ndipo nyumba ya Katsonga inatenthedwa. Maepiskopi anaphunzirapo phunziro, ndipo analisunga zaka zoposa 30.

Zaka zimenezo n'zowawa kuziwerenga. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, mlandu wake kukana kugula khadi lomwe lija. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Misa inkachitika Lamulungu lililonse m'zaka zonsezi, mzere uja unkayenda, koma kalata yodzudzula sinawerengedwe. Amene amafuna kuti tizikumbukira 1992 yokha akutibera theka la mbiri.

Ndiye chinasintha n'chiyani? Ine ndikuona kuti choyamba kusintha inali Misa yomweyo. Agogo athu ankapembedza wansembe atawafulatira, akunong'ona Chilatini, iwo akuwerenga kolona podikira belu. Msonkhano waukulu wa maepiskopi a dziko lonse lapansi, Vatican II, womwe unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unatsegula njira yoti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu. Wansembe anatembenuka n'kuyang'anana ndi mpingo, guwa linaoneka ngati tebulo, ng'oma ndi visekese zinalowa m'tchalitchi, ndipo pa chopereka anthu anayamba kuvina ndi malichero a chimanga, mazira ndi nkhuku, thukuta la m'munda likupita paguwa ndi miyendo yake. Chachikulu, mawerengo anayamba kumveka. Mneneri Amosi akamakalipira amalonda ochepetsa muyeso ndi kubera pa sikelo, m'Chilatini zinali nyimbo chabe. M'Chichewa, kwa mlimi amene dzulo lake wagulitsa mtedza pa mtengo womuikira ena, inali nyuzi.

Chachiwiri chinali miphakati, yomwe kummwera amati malimana. Apa dzina loyenera kulitchula ndi la Ambuye Patrick Kalilombe, omwe anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anayendetsa sinodi ya dayosizi yawo, imene mfundo yake inali yoti Mpingo usamathere pa Lamulungu: mabanja oyandikana azikumana pakati pa sabata pakhonde la mmodzi wa iwo, awerenge Mawu a Mulungu, kenaka afunsane kuti m'dera lathu lino wadwala ndani, wamasiye amene denga lake likudontha ndani, mwana amene wasiya sukulu ndi wa yani. Zooneka zazing'ono. Koma boma linaona zomwe ena sanaone: magulu a anthu m'midzi ndi m'makwalala, okhala ndi atsogoleri odzisankhira okha, okambirana mavuto awo popanda chipani. Linawakayikira kuti akumanga nthambi za chipani china, ndipo mu 1976 Ambuye Kalilombe anakakamizidwa kutuluka m'dziko. Anakhala kunja zaka zambiri, ku America ndi ku England. Koma miphakati inatsala. Funso loti wadwala ndani ukalifunsa sabata ndi sabata, tsiku lina limabala mng'ono wake: nanga n'chifukwa chiyani kuchipatala kulibe mankhwala?

Zina zinachokera kunja. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anacheza m'dziko muno kuyambira pa 4 mpaka pa 6 Meyi 1989. Nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union itatha, maiko a azungu analeka kusekerera aliyense wodana ndi chikomyunizimu. Mu Okutobala 1991 anansi athu a ku Zambia anavota, Kaunda n'kugonja kwa Chiluba. Ndipo mu 1992 mvula inakana, chimanga chinauma chisanabereke, uku dziko likusunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Nkhuni zinali zouma kale.

Zomwe zinatsatira kalatayo akuluakulu akuzikumbuka. Pa 10 Malichi maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre n'kufunsidwa mafunso kwa maola asanu ndi atatu. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo wopezeka nayo ali ndi mlandu. Pa 11 Malichi akuluakulu a chipani cha Kongeresi anakumana ku Lilongwe, ndipo ena mwa iwo anayankhula poyera zopha maepiskopi. Mawu awo anajambulidwa pa tepi yomwe inazemba mpaka kukamveka pa mawayilesi akunja. Malawi News inalemba kuti asachitiridwe chifundo. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka ija inatenthedwa. Koma ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda pamsewu kuikira kumbuyo maepiskopi mpaka koleji inatsekedwa, a ku Polytechnic nawo anatsatira, ndipo kalata yoletsedwayo inachulukana pa makina a fotokope ndi fakisi m'maofesi, alembi akuibisa pakati pa mafayilo a bwana.

Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pabwalo pomwepo. Sabata Yoyera inafika. Lachinayi, pa 16 Epulo, ansembe m'maparishi anawerama ndi mabeseni kusambitsa mapazi a akhristu monga mwa mwambo. Mawa lake, Lachisanu Loyera, Monsinyo Roche, wansembe wa ku Ireland amene boma linkamuganizira kuti ndiye mwini kalatayo, analamulidwa kutuluka m'dziko. Olamulawo ankaona ngati Mmalawi sangalembe zotere payekha. Paja ankakhulupirira bodza lawo lomwe, loti tonse ndife okondwa. Mu Meyi antchito a pa David Whitehead ku Blantyre anayamba sitalaka yomwe inafalikira mumzinda, apolisi anawombera anthu, ndipo mwezi womwewo maiko othandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula la njala ndi la othawa nkhondo. Abusa a CCAP analowa m'bwalo, kenaka mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda, n'kupanga Public Affairs Committee. Mu Okutobala Kamuzu analengeza riferendamu. Pa 14 Juni 1993 anthu oposa 63 mwa 100 alionse anasankha nyali, kusiya tambala wakuda, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinavota pa chisankho cha matipate.

Kope limodzi la kalatayo linathera kwathu. Boma litalamula kuti aliyense amene ali nayo akaipereke kupolisi, mayi wina wa m'kwaya, mnzawo wa amayi kumphakati, anabwera madzulo ataikulunga m'mpango. "Amake mwana, sungireni iyi. Kwanu kuno sangafufuzeko." Amayi anaiika m'pepala la pulasitiki n'kuikwirira pansi pa ufa m'chitini. Inakhala momwemo mpaka riferendamu itadutsa, ufa ukutha, wina ukuthiridwa pamwamba.

Mwina mwadabwa kuti n'chifukwa chiyani kwathu sakanafufuzako. Apa ndiye pali fupa la nkhani yanga, ndipo ndazengereza kulitchula. Amayi aja amene amayamikira mzere wosafunsa khadi, pa 8 Malichi 1992 sanaime pamzerewo. Sanaimepo kwa zaka khumi. Bambo anga anali atamangapo kale ukwati wa m'tchalitchi ndi mkazi wina asanakumane ndi amayi, choncho ukwati wa makolo anga sukanadalitsidwa, ndipo amayi anaimitsidwa masakramenti. Anzawo akanyamuka kupita kutsogolo, iwo ankapinda miyendo kuti anthu adutse bwino, n'kutsala pabenchi. Dera lonse linkadziwa. Ndiye mayi wa m'kwaya uja anawerengera bwino: ndani angaganize kuti kalata ya maepiskopi ili m'nyumba ya munthu wosalandira?

Mzere uja sunkafunsa khadi la chipani, inde, koma unali ndi makhadi akeake. Ndakula ndikuona khadi la mtulo likufunsidwa mwana asanabatizidwe, ndipo ndinaonapo maliro a munthu wosauka akukambidwa nthawi yaitali chifukwa zaka zina pakhadi lake panalibe chidindo. Malamulo a ukwati ali ndi zifukwa zake, ndipo si ine woti ndiwamasule m'nyuzipepala. Koma ndikamamva Mpingo ukudzitama ndi 1992, ndimakumbuka kuti ena mwa anthu amene anaisenza kalata ija pamutu, ndende ili pakhomo, anali anthu a pabenchi. Tebulo linawaphunzitsa chilungamo iwo akuliyang'anira patali.

Ndinawafunsapo amayi ngati sizinkawapweteka. Anati zinkapweteka, koma kumphakati kunalibe benchi. Ndipo izi ndinadzionera ndekha. Mu 1998 bambo anadwala matenda aja tinkangowatchula kuti a masiku ano. Achibale ena ankaima pakhomo, kulonjera, n'kubwerera. Amene ankalowa m'chipinda anali amayi a kumphakati, awiriawiri, mosinthana masiku: wina wanyamula phala m'kapoto, wina sopo, wina beseni. Ankachapa zofunda zomwe ine mwana wawo ndinkaziopa. Abambo awiri a m'gulu lomwelo ankabwera kudzawasambitsa ndi kuwameta. Munthu amene ankamusambitsayo, mwa malamulo a Mpingo, ndiye anali chifukwa choimitsira amayi masakramenti. Nkhani imeneyo sinatchulidwe ngakhale tsiku limodzi. M'zaka zimenezo magulu otere anali ponseponse m'maparishi, akusamalira odwala kunyumba mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za boma, ndipo maina awo sali m'buku la mbiri lililonse.

Maepiskopi sanaleke kulemba. Pamene ena ankafuna kusintha malamulo kuti Bakili Muluzi aimenso kachitatu, mipingo inakana, ndipo mu Julaye 2002 bilu yochotsa malire a materemu inagwa m'Nyumba ya Malamulo. Makalata a Lenti akhala akutuluka pansi pa maboma onse otsatira, ndipo ndale zathu zaphunzira kuwayamikira Lolemba n'kuwaiwala Lachiwiri. Ena mwa amene amadzudzulidwamo amakhala pabenchi yakutsogolo, ndipo pa chopereka cha chitukuko envelopu yawo ndiyo yonenepa. Kalata imene inkabisidwa mu ufa lero imatumizidwa pa WhatsApp, anthu n'kuyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Kope lathu lija lilipo. Mapepala anachita chikasu, ndipo mukalitsegula pakati pamagwabe tiufa. Tsamba lonena za msika ndi khadi ndilo lakuda kwambiri m'mphepete, poti ndi lomwe amayi ankapempha bambo kuti awawerengere mobwereza usiku, chitseko atakhoma, nyali atachepetsa.

Bambo anamwalira chakumapeto kwa 1998. Miyambo ya maliro itatha, amayi anapita kukalapa, ndipo pa Pasaka wa 1999 ananyamuka pabenchi paja. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndisanayambe kulandira, koma ndinawatsatira nditagwira nsonga ya chitenje chawo. Kutsogolo kwathu kunali mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yathu, kumbuyo mnyamata wokhoma zidebe. Titafika kutsogolo amayi anasokonezeka, osakumbuka ngati alandire m'manja kapena palilime, moti anatambasula manja uku atatsegula pakamwa. Wansembe anadikira.